Malaŵi akasanduka MalaÅµi: kusankha encoding, locale ndi fonti pa Linux

Dzina lakuti Malaŵi lili ndi zilembo 6, koma mukalilemba mu fayilo n'kufunsa kompyuta kukula kwake, ikuuzani kuti ndi mabaiti 7 (baiti ndi kamuyeso kakang'ono ka zosungidwa mu kompyuta). Yesani pa terminal ya Linux, windo lolembamo malamulo:

printf 'Malaŵi' | wc -c
printf 'Malaŵi' | wc -m

Lamulo loyamba limawerenga mabaiti ndipo lipereka 7. Lachiwiri limawerenga zilembo, ndipo pa makina okonzedwa bwino lipereka 6. Likapereka 7 nalonso, pali china chosalongosoka, ndipo sipatenga nthawi musanachione m'maina a mafayilo kapena pa mndandanda wa maina a anthu.

Kuti chilembo chichoke pa disiki n'kufika m'maso mwanu chimadutsa pa zinthu zitatu zosiyana. Encoding ndi pangano lonena kuti mabaiti akutiakuti akuimira chilembo chakuti. Locale ndiyo imauza mapulogalamu pangano loti atsatire, pamodzi ndi kalembedwe ka madeti, manambala ndi kasanjidwe ka maina. Fonti ndi zithunzi za zilembozo. Anthu ambiri amataya tsiku lonse akusintha fonti pomwe vuto lili mu fayilo, kapena amaononga fayilo yabwinobwino pomwe chosowa n'chithunzi cha chilembo chimodzi chokha. Musanakhudze kalikonse, dziwani kaye kuti pa zitatuzi chadwala ndi chiti.

Za encoding

ASCII, yomwe idatuluka koyamba mu 1963, ili ndi malo 128 okha. A ali pa 65, w ali pa 119. Chichewa pafupifupi chonse chimakwana m'malo amenewa, n'chifukwa chake munthu atha kugwira ntchito zaka zambiri pa makina osokonekera osadziwa kanthu. Zotituluka m'khola la ASCII n'zochepa: ŵ wa kadenga, nkhodolero yopindika ya mu ng’ombe ndi m’mudzi imene Microsoft Word imaika yokha, mitengero yopindika, ndi zilembo za Chipwitikizi monga ã ndi ç kwa amene ali ku Tete kapena ku Niassa.

Baiti imodzi imatha kusunga manambala 256, ndiye malo 128 otsalawo aliyense ankaikamo zake. ISO-8859-1 ya mu 1987, imene ambiri amaitcha Latin-1, idaikamo zilembo za kuzambwe kwa Ulaya, koma ŵ mulibe. ISO-8859-14 ya mu 1998 idapangidwira zilankhulo monga cha ku Wales, chomwe nachonso chimagwiritsa ntchito ŵ, ndipo idamuika pa F0 (nambala yolembedwa mu hex, kalembedwe kogwiritsa ntchito 0 mpaka 9 ndi A mpaka F). Nambala yomweyo F0 mu Latin-1 ndi ð wa ku Iceland. Fayilo ya mawu wamba siinena pangano limene idalembedwa nalo, kotero woitsegula amangoganizira. Windows-1252 idaonjezera chisokonezo: imafanana ndi Latin-1 pafupifupi paliponse, koma pakati pa 80 ndi 9F idaikapo zizindikiro zake, ndipo nkhodolero yopindika ili pa 92.

Unicode, yomwe idayamba mu 1991, idapatsa chilembo chilichonse nambala yakeyake: ŵ ndi U+0175, Ŵ ndi U+0174, nkhodolero yopindika ndi U+2019. UTF-8, imene Ken Thompson ndi Rob Pike adakonza mu 1992, ndiyo njira yolembera manambalawo m'mabaiti. Chilembo cha ASCII chimatenga baiti imodzi yomwe ija ya kale, ndipo zina zimatenga mabaiti 2, 3 kapena 4. Onani ndi maso anu:

printf 'Malaŵi' | hexdump -C

Muona 4d 61 6c 61 c5 b5 69. Mabaiti c5 b5 ndiye ŵ. Pa makina atsopano palibe chifukwa chomveka chosankhira china koposa UTF-8. Ma encoding akalewo aphunzireni kuti muzitha kuwerenga mafayilo akale, osati kuti mulembere atsopano.

Maonekedwe a vuto pa sikirini amaulula pamene lachokera. Mukaona MalaÅµi kapena ngâ€™ombe, fayilo ili bwino mu UTF-8, koma woiwerenga akutenga baiti iliyonse payokha ngati Windows-1252: c5 wasanduka Å, b5 wasanduka µ. Mukaona kadayamondi kakuda kokhala ndi mfunsiro mkati, �, zatembenuka: pulogalamu ikuyembekezera UTF-8 koma yakumana ndi baiti ngati 92 ili yokhayokha, zomwe sizololedwa mu UTF-8. Kabokosi kopanda kanthu nthawi zambiri kamatanthauza kuti mabaiti amveka bwino koma fonti ilibe chithunzi. Choopsa kwambiri ndi mfunsiro wamba, Mala?i. Ngati hexdump ikuonetsa 3f pamalopo, chilembocho chidafufutidwa pomwe fayilo inkasungidwa, ndipo palibe lamulo lingachibweze. Funani fayilo yoyambirira.

Potembenuza fayilo yakale, yambani ndi file -i kalata.txt, koma yankho lake musalikhulupirire kotheratu, pakuti nayo imangoganizira. Siingathe kusiyanitsa Latin-1 ndi ISO-8859-14. Kenako:

iconv -f WINDOWS-1252 -t UTF-8 kalata.txt > kalata-utf8.txt

Dzina la kumanja likhale lina. Mukalemba dzina lomwelo mbali zonse ziwiri, shell, pulogalamu yolandira malamulo anu, imayamba yakhuthula fayiloyo iconv isanaiwerenge, ndipo mutsala ndi fayilo ya mabaiti 0. Cholakwika china chofala ndi kutembenuza fayilo yomwe inali kale mu UTF-8. Pamenepo c5 b5 amasanduka c3 85 c2 b5, ndipo Åµ amakhala atalembedwadi mu fayilo, ngakhale muitsegule ndi pulogalamu yabwino chotani. Ngati fayilo yonse idaonongeka mofanana, imabwezeka poyenda chobwerera ndi iconv -f UTF-8 -t WINDOWS-1252. Zimavuta pamene anthu apitiriza kulembamo pambuyo pa kuonongekako, chifukwa mizere ina ndi yolakwika pomwe ina ili bwino, ndiye iyenera kupatulidwa kaye.

Pali mabaiti 3, ef bb bf, otchedwa BOM, amene mapulogalamu ena a Windows amaika kumayambiriro kwa fayilo. Excel imawadalira kuti izindikire CSV ya UTF-8 mukaitsegula pongoidina. Koma akapezeka kumayambiriro kwa script, fayilo ya malamulo, chizindikiro cha #! sichikhalanso poyamba, ndipo kernel, mtima wa Linux, siidziwa pulogalamu yoyendetsera script imeneyo. Aikeni m'mafayilo opita ku Excel basi.

Za locale

Lembani locale, muona mizere monga LANG, LC_CTYPE, LC_COLLATE, LC_TIME, LC_NUMERIC, LC_MONETARY, LC_MESSAGES ndi LC_PAPER. Mphamvu zawo n'zosiyana. LC_ALL ikakhalapo imaphimba zonse. Ikasowa, LC iliyonse imalamulira gawo lake, ndipo gawo lopanda LC yake limatsatira LANG. Motero chokhazikitsa mpaka kalekale ndi LANG. LC_ALL isungireni lamulo limodzi, monga LC_ALL=C sort maina.txt, pomwe C ndi locale ya maziko yodziwa ASCII yokha. Woika LC_ALL mu .bashrc amadzadabwa tsiku lina kuti wasintha LC_TIME koma madeti sakusuntha.

Dzina la locale lili ndi chilankhulo, dziko ndi encoding: en_GB.UTF-8. Chidule cha Chichewa ndi ny, cha Malawi ndi MW, koma glibc, laibulale imene imabweretsa ma locale pa Linux, ilibe ny_MW. Ili ndi en_ZM ndi bem_ZM za ku Zambia, en_ZW, en_ZA ndi en_GB. Kwa wogwira ntchito ku Malawi, en_GB.UTF-8 ndi chisankho chabwino: deti limayamba ndi tsiku kenako mwezi, pepala ndi A4. En_US imatsogoza mwezi ndipo imasankha pepala la Letter, lomwe limadula masamba pa printa yodzaza A4. Chosagwirizana nafe mu en_GB ndi chizindikiro cha ndalama, chomwe ndi paundi, koma mapulogalamu oyang'ana LC_MONETARY ndi ochepa, ndipo a maakaunti amakhala ndi pake posankhira kwacha.

Locale iyenera kupangidwa isanagwiritsidwe ntchito. Pa Debian, chotsani # kutsogolo kwa mzere wa en_GB.UTF-8 UTF-8 mu /etc/locale.gen, yendetsani locale-gen, kenako update-locale LANG=en_GB.UTF-8. Lamulo la dpkg-reconfigure locales limachita zonsezi pokufunsani mafunso. Pa Arch muchitanso locale-gen yomweyo, koma LANG imalembedwa mu /etc/locale.conf. Pa Fedora ikani phukusi la glibc-langpack-en n'kulemba localectl set-locale LANG=en_GB.UTF-8. Tulukani n'kulowanso, chifukwa shell yomwe ili yotsegula kale imasungabe zakale. Tsimikizani ndi locale charmap, yomwe iyenera kuyankha UTF-8. Ikayankha ANSI_X3.4-1968, limenelo ndi dzina lina la ASCII, ndipo mukadali mu locale ya C. Lamulo la locale -a limaonetsa dzinalo ngati en_GB.utf8, musadandaule, ndi chinthu chimodzi.

Uthenga wakuti cannot change locale umene umakulonjerani mukangolowa pa seva kudzera pa ssh, pulogalamu yolowera pa kompyuta yakutali, uli ndi gwero lodziwika. Pa Debian ndi Ubuntu, ssh imatumiza LANG ndi ma LC a laputopu yanu chifukwa cha mzere wa SendEnv LANG LC_* mu /etc/ssh/ssh_config, ndipo seva imawalandira ndi AcceptEnv. Seva ikakhala kuti ilibe locale yotumizidwayo, mapulogalamu amagwera mu C, ndipo ls imayamba kuonetsa Mala??i kapena manambala \305\265 m'malo mwa ŵ. Mafayilowo sanaonongeke, ndipo musawasinthe maina. Pangani locale yosowayo pa seva, kapena tsekani mzere wa SendEnv. M'ma container a Docker, timabokosi toyendetseramo mapulogalamu paokha, vuto ndi lomweli koma lochokera kwina: kawirikawiri LANG simukhala n'komwe. Kumeneko C.UTF-8 ndiyo yoyenera. Imamva UTF-8 popanda kutengera miyambo ya dziko lililonse, Debian yakhala nayo kwa nthawi yaitali, ndipo idalowa mu glibc yeniyeni pa 2.35 mu 2022.

LC_COLLATE ndiyo imabisa misampha yambiri. Mu C, kusanja kumatsata manambala a mabaiti, kotero zilembo zazikulu zonse zimabwera zing'onozing'ono zisanayambe: Zomba amatsogolera banda, ndipo ŵ amagwa kuseri kwa z. Mu en_GB.UTF-8 banda amatsogolera Zomba ndipo ŵ amakhala pafupi ndi w, monga mlembi aliyense angayembekezere. Palibe cholakwika mwa ziwirizi, koma malamulo a comm ndi join amafuna kuti mafayilo onse awiri asanjidwe ndi locale imodzi, apo ayi amadumpha mizere yofanana. Za database n'zoopsa kuposa apa. Glibc 2.28 ya mu 2018 idasintha kasanjidwe m'ma locale ambiri, ndipo ma index (milozo yofufuzira msanga) a database ya PostgreSQL omangidwa pa mawu ndi glibc yakale amatha kusowa mizere yomwe ilipo ndithu. Mukasamutsa database kudutsa malire amenewo, chitani REINDEX musanalole anthu kuyamba kulembamo.

Amene amasankha pt_PT.UTF-8 asamale ndi LC_NUMERIC. Kumeneko manambala amagawidwa ndi mpatuliro, 3,5, osati mpumiro, ndipo printf ya bash imakana 3.5 kuti si nambala. Script yowerengera ndalama iyambe ndi export LC_NUMERIC=C.

Za fonti ya pa console

Console ndi sikirini yakuda imene mumaipeza ndi Ctrl+Alt+F3, kapena yokhayo imene seva yopanda desktop ili nayo. Iyi si terminal ya mkati mwa GNOME kapena KDE. Terminal ya pa desktop ikasowa chilembo imakachibwereka ku fonti ina kudzera mu fontconfig. Console imajambulidwa ndi kernel, imanyamula fonti imodzi ya mtundu wa PSF, ndipo fontiyo ili ndi malo 256 kapena 512 basi. Unicode ili ndi zilembo zoposa 100,000. Ndiye ngakhale locale ikhale yolondola kotheratu, muyenera kusankhabe kagulu ka zilembo kamene kakwane m'malowo.

Pa Debian ndi Ubuntu kaguluka kamatchedwa CODESET, ndipo Chichewa chidaganiziridwa. Mukayendetsa dpkg-reconfigure console-setup, pa mndandanda pali mzere wa Latin3 ndi Latin8 wotchula Chichewa pamodzi ndi Esperanto, Irish, Maltese ndi Welsh. Dzina lake lalifupi ndi Lat38. Fayilo ya /etc/default/console-setup izioneka chonchi:

CHARMAP="UTF-8"
CODESET="Lat38"
FONTFACE="Terminus"
FONTSIZE="8x16"

CHARMAP ikhale UTF-8 ngakhale mwasankha Lat38. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, poganiza kuti Latin8 ikutanthauza kuti aike ISO-8859-14. CHARMAP ikunena za mabaiti amene mapulogalamu akutumiza, ndipo iyenera kugwirizana ndi locale. CODESET ikungonena za zithunzi zomwe zanyamulidwa. Mukasiya CODESET pa guess, console-setup imangodzisankhira yokha kagulu. Mukasintha fayiloyi yendetsani setupcon muli pa console yeniyeniyo, osati kudzera pa ssh.

Magulu a Uni1, Uni2 ndi Uni3 ali ndi malo 512 ndipo amanyamula zilankhulo zambiri pakamodzi. Mtengo wake ulipo pa makina amene console yawo ikadali mu VGA text mode: kachidutswa ka baiti kamene kamasankha kuwala kwa mtundu kamatengedwa kuti kaloze zilembo zoonjezerazo, ndipo mitundu 16 imatsika kufika pa 8.

Kukula kwa zilembo kuwerengereni. Pa sikirini ya 1920 ndi 1080, fonti ya 8x16 imapereka zilembo 240 pa mzere ndi mizere 67, tating'ono kwambiri pa laputopu. Ya 16x32 imapereka zilembo 120 ndi mizere 33. Terminus ilinso ndi 10x20, 12x24 ndi 14x28 pakati pake. Zoposa 8 m'lifupi zimafuna framebuffer, njira yojambulira sikirini kadontho ndi kadontho, yomwe makina ambiri a masiku ano ali nayo kale. Chenjerani ndi kalembedwe: mu FONTSIZE m'lifupi ndimo mumayamba, 16x32, pomwe m'dzina la fayilo mu /usr/share/consolefonts msinkhu ndiwo umayamba, Lat38-Terminus32x16.psf.gz.

Pa Arch ndi Fedora zonsezi zili mu /etc/vconsole.conf, pa mizere ya FONT= ndi KEYMAP=, ndipo mafonti ali mu /usr/share/kbd/consolefonts pa Arch ndi /usr/lib/kbd/consolefonts pa Fedora. Musanalembe dzina la fonti mu fayiloyo, iyeseni ndi setfont, n'kuona zithunzi zake zonse ndi showconsolefont. Ikatuluka yosawerengeka, lembani setfont yokha ngakhale simukuona zimene mukulemba, ndipo fonti ya masiku onse ibwerera. Pofuna kutsimikiza ngati fonti, mwachitsanzo eurlatgr, ili ndi ŵ musanainyamule, lowani mu foda ya mafontiyo n'kulemba:

gunzip -c eurlatgr.psfu.gz > /tmp/f.psf
psfgettable /tmp/f.psf /tmp/tebulo.txt
grep -i 0175 /tmp/tebulo.txt

Pakatuluka mzere, chilembocho chili ndi malo m'fontiyo. Ngati fonti ili nacho koma console ikuonetsabe zilembo ziwiri pamalo pa chimodzi, console yatuluka mu UTF-8, ndipo unicode_start imaibwezeretsa. Ngati fonti yanu imaoneka poyatsa makina kenako n'kuzimirira sikirini ikaphethira, ndiye kuti driver ya zithunzi yanyamuka mochedwa n'kubwezeretsa fonti ya mu kernel. Pa Arch ikani driver imeneyo mu initramfs, fayilo yonyamulidwa makina akungoyaka, pamodzi ndi hook ya consolefont kapena sd-vconsole, n'kuyendetsa mkinitcpio -P. Pa Debian, mukasintha console-setup kapena kiyibodi, malizani ndi update-initramfs -u.

Kulemba ŵ ndi nkhodolero

Njira yosavuta pa desktop ndi batani la Compose. Pa Debian lembani XKBOPTIONS="compose:ralt" mu /etc/default/keyboard, ndipo Alt wa kumanja, kenako ^, kenako w, akupatsani ŵ. M'mapulogalamu a GTK mutha kudina Ctrl+Shift+U, kulemba 175 n'kudina Enter. Mu Word lembani 0175 n'kudina Alt+X; pakakhala chilembo chapakati pa a ndi f patsogolo pake, monga mu Mala, sankhani kaye manambala anayiwo, chifukwa Word imatenga a uja ngati gawo la nambala.

Unicode imalola kulemba ŵ m'njira ziwiri. Ina ndi U+0175 ija, mabaiti c5 b5. Ina ndi w wamba wotsatiridwa ndi kadenga koyima pakokha, U+0302, mabaiti 77 cc 82. Pa sikirini zimaoneka chimodzimodzi, koma grep yofuna imodzi siipeza inzake, ndipo foda imodzi itha kukhala ndi mafayilo awiri ooneka ngati a dzina limodzi. Maina ochokera ku ma disiki a Mac a mtundu wa HFS+ amabwera m'njira yachiwiriyi. Sankhani yoyamba, yotchedwa NFC. Maina a mafayilo amakonzedwa ndi convmv -f utf8 -t utf8 --nfc, yomwe imangoonetsa zimene ikufuna kuchita mpaka mutaonjezera --notest. Mawu a mkati mwa fayilo amakonzedwa ndi uconv -x nfc.

Nkhodolero nayo ili pawiri. Yowongoka ya pa kiyibodi ndi baiti imodzi, 27. Yopindika ndi mabaiti e2 80 99. Mu kaundula wa maina, Ng'oma wolembedwa ndi yowongoka sapezeka mukamufufuza ndi yopindika, ndipo munthu mmodzi amalembedwa kawiri. Yopindikayo isiyireni mabuku ndi makalata osindikiza. Mu database, m'maina a mafayilo ndi m'mafomu, pulogalamu izisandutsa zonse kukhala yowongoka isanazisunge. Otumiza ma SMS ambirimbiri ali ndi chifukwa china cha ndalama: zilembo za GSM zimalola uthenga umodzi kufika zilembo 160, koma ŵ ndi nkhodolero yopindika mulibe m'menemo, ndipo chimodzi chokha chikalowa uthenga wonse umasamukira ku UCS-2, komwe malire ndi 70. Uthenga wa zilembo 150 umene ukadapita umodzi umagawika patatu.

Malo amodzi oyenera kupewa zilembo zonsezi ndi mawu achinsinsi otsegulira disiki yokhomedwa ndi LUKS, njira ya Linux yobisira zomwe zili pa disiki. Amafunsidwa makina akungoyaka kumene, pamene Compose mwina sinayambe kugwira ntchito ndipo kiyibodi itha kukhala ikuwerengedwa ngati ya US m'malo mwa ya UK, pomwe @ ndi " zimasinthana malo ndipo # amapezeka pena. Cryptsetup imayerekeza mabaiti, osati maonekedwe a zilembo. Talikitsani mawuwo ndi zilembo za a mpaka z ndi manambala, ndipo ngati mwaika kale achilendo, onjezerani ena ndi cryptsetup luksAddKey musanazimitse makinawo.